Cimene cimakhala pakati pa glita na mlomo

Matambula a glita afika ponseponse mu Lusaka. Pa kitchen party ku Matero, aliyense wa pa line ali na yake yolembedwa dzina. Atsikana a ku Chawama na ku Mtendere amene amapanga matambula aya amakangana pa nkhani imodzi: upake ciani pamwamba kuti glita isacoke? Ena ati epoxy, ena ati top coat ya madzi. Mkangano uyu uoneka wa manje manje, koma ni wakale kupambana Lusaka.

Makolo athu naonso anali kukonda zonyezimila. Akatswili ofukula zakale anapeza mbiya zambili kum'mawa na pakati pa Zambia, zimene amazicha za mwambo wa Luangwa, zoyambila ca m'ma 1000. Zina mwa izo oumba anali kuzipaka graphite, mwala wakuda wofewa uja uli mu pensulo, na kuzikulungiza mpaka ziwale. Mashopu atabwela, cikho na mbiya zinapatsa malo kapu ya enamel, imene ni galasi yosungunulila pa citsulo. Apa ndiye panaloŵa vuto, cifukwa mitundu yowala monga yofiila na yacikasu kambili inali kupangidwa na mtovu olo cadmium.

Mtovu ise a mu Zambia sitifunika kuuŵelenga m'mabuku a kunja. Mu 1902 T. G. Davey anapeza miyala ya mtovu na zinki pa malo amene anawacha Broken Hill, Kabwe ya lelo. Mgodi unaseŵenza pafupifupi zaka 90 mpaka unatsekedwa mu 1994, koma fumbi sinatsekedwe. Ikali mu dothi ya ku Kasanda, Chowa na Makululu, mmene ana amaseŵela. Mtovu suŵaŵa pa lilime ndipo sununkha. Umaloŵa m'magazi pang'onopang'ono na kuononga ubongo wa mwana, ndipo a WHO amakamba kuti palibe mlingo wa mtovu umene ni wabwino m'thupi. Mu October 2020 maloya anapeleka mlandu ku khoti ya ku Johannesburg, kuimila azimai na ana pafupifupi 140,000 a ku Kabwe, kutsutsana na Anglo American South Africa. Kampani imakana mlandu. Mu December 2023 khoti inakana kuti mlandu upitilize monga wa gulu, ndipo odandaula anacita apilo.

Mtovu umenewo unali mu penti ya m'nyumba padziko lonse, cifukwa unali kuumitsa penti mwamsanga na kuilimbitsa. America inauletsa mu penti ya m'nyumba mu 1978. Petulo ya mtovu inaleka kugulitsidwa kuno kum'mwela kwa Sahara pofika January 2006. Koma pa zomwela nkhani siinathe. Mu 2010 McDonald's inabweza magalasi 12 miliyoni a filimu ya Shrek cifukwa penti ya zithunzi inali na cadmium. Ndipo mu January 2024 kampani ya Stanley, imene matambula ake anapenga nawo anthu pa TikTok, inavomela kuti imaseŵenzetsa kamtovu potseka pansi pa kapu, kobisika na citsulo.

Epoxy ni mwana wa zaka za m'ma 1930. Pierre Castan wa ku Switzerland anaipeza pamene anali kufuna zopangila mano oikilila, ndipo mu 1946 kampani ya CIBA inaitulutsa na dzina ya Araldite, yamene ija ya tumacubu tuŵili mu hardware. Epoxy ikauma bwino imalimba monga galasi, ndiye cifukwa cake tambula ya epoxy imawala cakuti. Ngozi ili pa nthawi yosakaniza. Ikali yamadzimadzi imatha kuyambitsa ziwengo pa khungu zimene sizimathanso, ndipo mpweya wake umavutitsa cifuwa. Mai wa pa YouTube amene mumaphunzilako amaseŵenzela mu galaji yake, atavala magilovu na mask. Ku Kanyama olo ku George, workshop ni cipinda cimodzi camene muli mbaula, bedi na mwana wogona. Kuonjezela apo, tambula ya epoxy ifunika kuzungulila pa kamota kwa maola ambili kuti isadonthe mbali imodzi. Kumbukilani 2024, madzi atacepa ku Kariba, pamene malaiti anali kubwela maola atatu cabe pa tsiku.

Top coat ya madzi inacokela njila ina. Mu 1953 kampani ya Rohm and Haas ku Philadelphia inayamba kugulitsa acrylic yosakaniza na madzi yopangila penti. Kaseŵenzedwe kake n'kosavuta: tupulasitiki tung'onong'ono tumayandama m'madzi, madzi akauma tumagwilana n'kupanga khungu yoonekela. Aliyense amene anadutsapo pa makalipentala a ku Kalingalinga adziŵa fungo ya vanishi ya thinazi, ija imakwela mpaka kumutu. Iyi ilibe fungo yotelo, ndipo bulashi mutsuka na madzi cabe.

Koma ifuna mtima wautali. Mupaka pang'ono, muyembekeza maola, mupakanso, kambilimbili, mpaka glita ileke kukalabada ku cala. Kuti ilimbiletu pamapita milungu, ndipo mu mainza imacedwa kuposa. Wa oda ya ukwati wa pa Saturday sadzakondwa nayo. Ine nikali kuona kuti m'nyumba ya cipinda cimodzi, iyi ndiye yosankha.

Mau akuti non-toxic pa botolo satanthauza kuti cinthu n'coyenela kukhudza cakumwa. Opanga osamala amamata tepi kukamwa kwa tambula, kusiya mpata wa cala cimodzi wopanda glita na top coat, ndipo mkati sapakamo ciliconse. Glita nayo ni pulasitiki yodulidwa, kambili yokutidwa na aluminium. European Union inayamba kuletsa glita ya pulasitiki yogulitsa payokha mu October 2023. Zotsala pa tebulo pukutani na kansalu konyowa, muike mu pepala. Mukazitsukila panja ku Kanyama, kumene madzi a pansi ali pafupi, zimapita ku citsime ca neba.