Sekondale ya mwana wa kugombe: mbiri yochokera ku Meponda

Msewu wochoka mumzinda wa Lichinga kupita ku Meponda ndi wa makilomita pafupifupi 60, ndipo mbali yaikulu ndi yotsetsereka. Umayambira kumtunda kozizira, pamalo okwera mamita oposa 1,300, n'kukathera pamchenga wa nyanja ya Malawi pomwe Anyanja ndi Ayao amayanika usipa. Kwa zaka zambiri mwana wa msodzi wofuna maphunziro opitirira pulayimale ankayenera kukwera phiri limeneli ndi mphasa yake, kukasunga malo kwa wachibale kapena ku nyumba yogonera ana asukulu. Ambiri ankathera pomwepo. Mu 2023 boma la Mozambique linachotsa kalasi 7 ku pulayimale n'kuyiika kukhala chaka choyamba cha sekondale, pofuna kuti sekondaleyo itsikire kufupi ndi midzi. Aka sikoyamba kuti anthu a ku Maputo alembenso zoti mwana wa m'chigawo chimenechi cha Niassa aphunzire. Chomwe sichinasinthe kwenikweni ndi zimene zimachitika mphunzitsi akatseka chitseko cha kalasi.

Sukulu zoyamba za mtundu wa azungu m'gombe la kuvuma kwa nyanjayi zinabwera pamadzi. Amishoni a Anglican a UMCA anakhazikika pa Likoma mu 1885, ndipo wansembe William Percival Johnson ankayendera midzi ya m'mbali mwa nyanja pa sitima, kusiya aphunzitsi m'mudzi uno ndi uwo. Sitima ya Chauncy Maples, imene inayamba kuyenda mu 1901, inali ndi chipinda chophunziriramo, moti anyamata ofuna uphunzitsi ankaphunzira ali paulendo. Ku Kobwe kunalinso sukulu ya aphunzitsi ya St Michael's, ndipo pambuyo pake Messumba, kumpoto kwa Metangula, inakhala likulu la maphunziro a mpingowu kumbali ya Mozambique. Zophunzira zinali zochepa: kuwerenga, kulemba, masamu ndi katekisimu, zambiri mwa njira yoloweza pamtima ndi kubwereza mokweza mawu. Koma zinkaphunzitsidwa m'Chinyanja, chilankhulo chimene mwana ankalota nacho. M'midzi yambiri ya Ayao achisilamu makolo ankakana sukulu za mishoni, ana awo ankapita ku madrasa. Ngakhale zinali choncho, Myao wina, wansembe Yohana Abdallah wa ku Unangu, analemba mbiri ya mtundu wake m'Chiyao ndipo inasindikizidwa mu 1919.

Apwitikizi anabwera ndi maganizo ena. Kampani ya Companhia do Niassa, imene inalamulira derali mpaka 1929, inkasamala za msonkho ndi thangata, za sukulu ayi. Mu 1930 boma la atsamunda linakhazikitsa maphunziro apadera a anthu akuda otchedwa ensino rudimentar, ndipo pangano la mu 1940 pakati pa Portugal ndi Vatican, limodzi ndi lamulo la mu 1941, linapereka maphunzirowo m'manja mwa mishoni za Katolika. Ku Niassa mishoni yotchuka inali ya Massangulo ya abambo a Consolata. Mwana ankaphunzira Chipwitikizi, chipembedzo, mbiri ya mafumu a ku Portugal, ndi ntchito zamanja m'munda wa mishoni. Ankatha kutchula mitsinje ya Tejo, Douro ndi Mondego mwandondomeko, pamene Lugenda ndi Lucheringo, imene makolo ake ankawoloka, inalibe malo enieni m'phunzirolo. Wolakwitsa ankalandira palmatória, thabwa lobooledwa timabowo lomenyera m'manja.

Sekondale yeniyeni, liceu, inali ya m'mizinda ikuluikulu monga Lourenço Marques ndi Beira. Inali ndi malire a zaka zolowera, ndipo mwana wakumudzi yemwe anayamba mochedwa n'kuthera zaka zina mu rudimentar ankafika pakhomo atapitirira kale msinkhu. Sipankafunika lamulo lonena kuti wakuda asalowe. Dziko pamene linkalandira ufulu mu 1975, anthu oposa 90 mwa 100 alionse sankadziwa kulemba ndi kuwerenga.

Chipani cha Frelimo chinayamba kuganizira za sekondale chisanatenge boma. Mu 1963 Janet Mondlane, mkazi wa mtsogoleri wa chipanichi, anatsegula Mozambique Institute ku Dar es Salaam, ndipo mu 1970 chipanichi chinatsegula sekondale ku Bagamoyo. Nkhondo yomenyera ufulu itayamba mu September 1964, Niassa inali imodzi mwa mabwalo ake, ndipo mabanja ambiri a kugombe anathawira ku Malawi ndi ku Tanzania, komwe ana awo anaphunzira m'Chingerezi kapena m'Chiswahili. Pa 24 July 1975 boma latsopano linalanda sukulu zonse za mishoni ndi za anthu wamba. Nduna ya zamaphunziro inali Graça Simbine, yemwe pambuyo pake anadziwika kuti Graça Machel. Vuto linali loti aphunzitsi ambiri a sekondale anali Apwitikizi, ndipo anali atanyamuka. Pa 8 March 1977 Pulezidenti Samora Machel anaimitsa makalasi omaliza a sekondale n'kutumiza ophunzirawo ku maphunziro achangu a uphunzitsi ndi ntchito zina za boma. Ambiri a iwo anakaima kutsogolo kwa ana amene ankasiyana nawo zaka zitatu kapena zinayi zokha. Ana ena masauzande anatumizidwa kukachita sekondale ku Cuba, ndipo pafupifupi 900 anapita ku Stassfurt ku East Germany mu 1982.

Mafumu a ku Portugal anatuluka m'mabuku, munalowa mbiri ya Mozambique ndi ya Africa, maphunziro a ndale, ndi kulima munda wa sukulu. Chilankhulo chokha anachisiya. Frelimo inkaona Chipwitikizi ngati chingwe chomangira mitundu yonse pamodzi, ndipo m'sukulu zambiri kulankhula Chinyanja kapena Chiyao pabwalo kunali mlandu. Tinganene mosabisa kuti pa nkhani iyi mwana wa kugombe anabwerera m'mbuyo poyerekeza ndi agogo ake a nthawi ya Johnson.

Lamulo nambala 4/83 la mu March 1983 ndi limene linapanga dongosolo lomwe makolo ambiri a lero anadutsamo: zaka 7 za pulayimale, kenaka kalasi 8 mpaka 10, kenaka makalasi okonzekera yunivesite. Mwana wa kalasi 8 ankasenza Chipwitikizi, Chingerezi, masamu, fizikisi, kemisitiri, bayoloje, mbiri, jogalafe, zojambula ndi masewero olimbitsa thupi, zonse zokonzedwa ngati kuti aliyense adzafika ku yunivesite. Lamuloli linagwa pa nthawi yoipa. Nkhondo ya pakati pa boma ndi Renamo inatseka kapena kuwononga sukulu za pulayimale zoposa theka m'dziko lonse, ndipo Lichinga inakhala ngati yodulidwa ku dziko lonse njanji ya ku Cuamba itasiya kuyenda bwino. Lamulo la mu May 1992 linachotsa ndale za chisosholisiti m'maphunziro ndi kulola sukulu za mipingo ndi za anthu wamba, miyezi yochepa mtendere usanasainidwe ku Rome pa 4 October.

Chinyanja chinabwerera m'kalasi kudzera pakhomo lakumbuyo. Kuyambira 1993 mpaka 1997 boma linayesa kuphunzitsa ana a pulayimale m'zilankhulo ziwiri pansi pa ntchito yotchedwa PEBIMO, Chinyanja ku Tete ndi Chichangana ku Gaza. Kuchokera mu 2003 njirayi inafalikira ku zilankhulo zina, kuphatikizapo Chiyao, ndipo silabasi ya pulayimale ya mu 2004 inapatula gawo limodzi mwa magawo asanu a nthawi kuti liphunzitse za m'dera la mwanayo. Fizi ya pulayimale itachotsedwa, ana anasefukira, ndipo patapita zaka zochepa khamulo linafika pakhomo pa sekondale.

Yankho la boma linali silabasi yatsopano ya sekondale imene bungwe la INDE linamaliza mu 2007, n'kuyamba kugwira ntchito mu kalasi 8 chaka cha 2008. Papepala inali yosangalatsa. Inabweretsa maphunziro a bizinesi, ulimi ndi ziweto, ndi makompyuta. Inalola zilankhulo za m'dziko ngati phunziro losankha. Inati mwana azifunsa, azifufuza, azigwira ntchito m'magulu, mphunzitsi azingowongolera.

Tsono lowani m'kalasi ya sekondale yakumudzi masana, gulu la m'mawa litangoweruka. Ana adzaza mpaka kukhoma, atatu kapena anayi pa desiki, ena kope lili pabondo. Buku la phunzirolo lilipo limodzi, ndipo lili m'manja mwa mphunzitsi, chifukwa mabuku aulere akhala akugawidwa ku pulayimale pomwe a sekondale kholo limayenera kugula. Mphunzitsi alemba mutu ndi tsiku pa bolodi, kenaka ayamba kuwerenga pang'onopang'ono, ana akulemba liwu ndi liwu. Amatchula ngakhale zizindikiro: vírgula, ponto, parágrafo. Mphindi 45 zikatha, aliyense ali ndi tsamba la apontamentos lomwe adzaloweze usiku pa nyali. Mayeso akabwera adzabweza mawu omwewo, ndipo akapeza 10 pa 20 wakhoza. Mwana wina walemba bwinobwino tanthauzo la selo osamvetsa mawu atatu a m'chiganizocho, ndipo sangafunse chifukwa funsolo ayenera kulipanga m'Chipwitikizi anzake akumvetsera.

Ndi kosavuta kunyoza mphunzitsi ameneyu, koma popanda buku, kulembetsa notsi ndi njira yokhayo yoti mwana apite kunyumba ndi kanthu. Kusintha silabasi osagula mabuku kuli ngati kugulira msodzi ukonde watsopano bwato likadali lija lothonya. Chimene chimandiwawa ine n'china. Nyanja imene mwana wa ku Meponda amasambamo ili ndi mitundu mazanamazana ya nsomba za gulu la mbuna ndi utaka, zomwe akatswiri a bayoloje ochokera ku Ulaya ndi ku America amazilondola kuti amvetse momwe zamoyo zimasinthira. Mwanayo amadziwa nthawi imene mwera umawomba, amadziwa chifukwa chake usipa umatsata nyali usiku wopanda mwezi. Koma phunziro la ntchito limene silabasi inamukonzera ndi la ulimi ndi ziweto, lofanana ndi la mwana wa ku Gaza.

Lamulo nambala 18/2018 la pa 28 December 2018 ndi limene likulamulira lero. Pulayimale yatsala zaka 6, gawo loyamba la sekondale ndi kalasi 7 mpaka 9, lachiwiri 10 mpaka 12, ndipo mwana aliyense akukakamizidwa kuphunzira mpaka kalasi 9 popanda fizi yolembetsera. Owerenga a ku Malawi aone kusiyana kwake: mwana wa ku Mozambique amalowa sekondale pamene mnzake wa ku Nkhotakota akadali mu Sitandade 7. Pofuna kupeza malo, boma lakhala likukweza masukulu ena a pulayimale kukhala escola básica, ophunzitsa kalasi 1 mpaka 9 pamalo amodzi, ndipo kulinso pulogalamu ya sekondale yophunzira uli kwanu. Kwa atsikana makamaka, amene makolo amaopa kuwatumiza kukakhala okha m'tauni, kusinthaku n'kwaphindu lenileni.

Komabe pulayimale imayenda ndi mphunzitsi mmodzi wa maphunziro onse, pamene sekondale imafuna wa masamu, wa kemisitiri, wa Chingerezi, aliyense payekha. Universidade Rovuma, imene inapangidwa mu 2019 kuchokera ku nthambi za Universidade Pedagógica, ili ndi nthambi ku Lichinga ndipo imatulutsa aphunzitsi otere, koma kuwalemba ntchito kumadalira thumba la boma. Pomwe pali mpata, amene alipo amawonjezeredwa maola, nthawi zina pa phunziro limene sanaphunzire. Ana oyamba kulowa kalasi 7 ya dongosolo latsopanoli mu 2023 anafika kalasi 9 mu 2025, ndipo m'zaka zomwezo aphunzitsi m'zigawo zingapo za dzikolo ankanyanyala kulowa m'kalasi pofuna ndalama za maola owonjezera zomwe boma linali lisanawalipire.