Chipewa cha Jaji: Nana Asma'u ndi Sukulu Yoyenda ya Amayi a ku Sokoto

Mu February 1804 banja la Shehe Usman dan Fodio lidasamuka m'mudzi wa Degel, kumpoto kwa dziko limene lero timalitcha Nigeria, pothawa ukali wa Yunfa, mfumu ya Gobir. Otsatira a Shehe adautcha ulendowo hijra, pokumbukira msamuko wa Mtumiki (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) wochoka ku Makka kunka ku Madina. Mwa anthu amene adasenza akatundu tsiku limenelo mudali mtsikana wa zaka pafupifupi 11, dzina lake Asma'u. Nkhondo imene idabuka pambuyo pake idagwetsa Alkalawa, likulu la Gobir, mu 1808, ndipo m'malo mwa maufumu akale a Ahausa mudadzuka ufumu wa Chisilamu wa Sokoto. Olemba mbiri adasimba kwambiri za akavalo, mikondo ndi mayina a akazembe a nkhondoyo. Za mtsikana uja zidachedwa kulowa m'mabuku a m'mayunivesite, chikhalirecho amayi a m'midzi ya ku Sokoto sadamuiwalepo n'kamodzi komwe.

Asma'u adabadwa mu 1793, mapasa ndi mnyamata amene adatchedwa Hassan. Bambo ake adam'patsa dzina la mwana wamkazi wa Abu Bakr, uja ankapititsa chakudya kuphanga m'masiku a hijra, ndipo mawu akuti Nana ndi aulemu chabe. Banjali lidali la Afulani, la anthu a mabuku kuyambira kwa makolo, amuna ndi akazi omwe. Shehe eni ake sankabisa maganizo awo pa nkhani ya kuphunzitsa akazi. M'buku lawo la Nur al-Albab adadzudzula mashehe amene amasonkhanitsa ophunzira a kwina kuti atchuke, n'kusiya akazi awo ndi ana awo aakazi mumdima, osadziwa ngakhale malamulo a twahara ndi swala. Pamene ena ankawanena kuti akulola amayi kufika pa maulaliki awo, yankho lochokera kwa iwo ndi kwa mng'ono wawo Abdullahi lidali loti kusiya mkazi mu umbuli n'koipa koposa chimene otsutsawo ankachiopa. Asma'u adakulira m'nyumba yotero. Adaloweza Qur'an, nadziwa Chiarabu, Chifulfulde cha makolo ake, Chihausa cha anthu ambiri a m'dzikomo, ndi Chitamachek cha Atuareg a m'chipululu.

Adakwatiwa ndi Gidado dan Laima, amene pambuyo pake adakhala waziri, ndiye kuti nduna yaikulu, ya mlongo wake wa Asma'u, Muhammad Bello. Bello ndiye adalowa m'malo mwa Shehe atamwalira mu 1817, nalamulira mpaka 1837. Choncho Asma'u adali mwana wa Shehe, mlongo wa khalifa ndi mkazi wa waziri. Akadafuna kungokhala kuseri kwa mpanda n'kumalandira ulemu, palibe akadamunena.

Zolemba zake zimene zidasungika zilipo pafupifupi 60, zambiri mwa izo ndakatulo, ndipo chimene chimandigwira mtima monga mphunzitsi ndi mmene ankasankhira chilankhulo. Polankhula ndi mashehe, kuphatikizapo a kutali amene ankalemberana nawo, ankalemba m'Chiarabu chozama. Pofuna kufikira abale ake ankalemba m'Chifulfulde. Koma pofuna kuti mayi wa kumudzi amene sadagwirepo cholembera amve, ankalemba m'Chihausa, m'zilembo za Chiarabu, monga mmene makolo ena a kuno kunyanja ankalembera Chiswahili. Ntchito imodzi yomweyo inkatha kutuluka m'zilankhulo ziwiri, kuti uthenga usathere pa ophunzira okha. Ndakatulo yake yotchedwa Sunago idandandalika mayina a masura onse 114 a Qur'an m'mavesi ochepa oti munthu angawaimbe akusinja. Aliyense amene adayesapo kuthandiza mwana kukumbukira kuti pambuyo pa sura yakuti pamabwera iti angamvetse luntha limene lili m'menemo. Adalembanso za mbiri ya hijra ya bambo ake ndi nkhondo zake, za amayi oopa Allah a mibadwo yakale, za machiritso a m'masura, ndiponso maliro a anthu amene ankawakonda.

Komabe ntchito yake yaikulu siili pa pepala. Nkhondo ikatha, otsala ambiri amakhala akazi. M'midzi ndi m'malinga a ufumu watsopanowo mudadzaza amayi amasiye, ndiponso amayi ogwidwa kunkhondo amene adalowetsedwa m'nyumba za opambana ngati akapolo ndi adzakazi. Mfundo iyi tisaizembe. Ufumu wa Sokoto udali ndi akapolo ochuluka zedi, ndipo Asma'u, amene adali wa banja lolamulira, sadalembe zoti ukapolo uthe. Ambiri mwa amayi amenewa adakulira m'chipembedzo cha mizimu chotchedwa bori, chimene kwa mkazi wodwala, wosabereka kapena woferedwa chidali chipatala, bwalo locheza ndi malo olirirapo. Mu ufumu wa Gobir mtsogoleri wa bori adali mkazi wa ku banja lachifumu, wotchedwa Inna. Kuthetsa bori ndi lamulo kudali kosavuta kunena. Koma mayi amene mwam'landa ng'oma popanda kum'patsa china amabwerera kung'omako usiku.

Cha m'ma 1830 Asma'u adayambitsa gulu limene lidadziwika kuti Yan Taru, kutanthauza osonkhana pamodzi. M'mudzi uliwonse ankasankha mayi wachikulire, wokhulupirika ndi wanzeru, n'kumulonga kukhala jaji. Mawu amenewa ankatchulira mtsogoleri wa aulendo a malonda, uja amadziwa njira, zitsime ndi malo ogona. Pomulonga ankamuveka chipewa chachikulu choluka ndi udzu, chotchedwa malfa, n'kuchikulunga ndi nduwira yofiira. Apa ndi pamene pakuonekera kuchenjera kwa Asma'u, pakuti chipewa chotere ndi chimene ankavala Inna wa ku Gobir. Amayi a kumidzi ankadziwa kale kuti mkazi wovala malfa ndi woyenera kumumvera. Asma'u sadachitaye chizindikirocho ngati chonyansa. Adachitenga, nachiveka pamutu pa mphunzitsi wa Qur'an.

Jaji ankasonkhanitsa amayi a m'dera lake n'kuwatsogolera pa ulendo wapansi wopita ku Sokoto, ena a iwo kuyenda masiku. Sikuti aliyense ankapita. Oyenda adali amayi amene adasiya kubereka ndi asungwana osakwatiwa, chifukwa mkazi wapabanja wa ana aang'ono sakadatha kusiya pakhomo, ndipo mwambo wa kumeneko sukadamulola. Ankanyamula mphatso za kumunda ndi zoluka manja awo, monga mapira, uchi, mafuta a mkaka ndi nsalu, zimene Asma'u ankazigawira odwala ndi osowa. Akafika ankakhala pansi n'kuphunzira ndakatulo mpaka kuziloweza, kufunsa mafunso a m'banja ndi a chipembedzo, kenako n'kubwerera. Kumudzi, gogo ndi mtsikana aja ankalowa nyumba ndi nyumba kukaphunzitsa amene sadapite. Motero mkazi amene sankatuluka pa mpanda maphunziro ankam'peza pamtondo. Zophunzira zake zidali zimene timaphunzitsa ife m'madrasa: tauhidi, kasambidwe, swala, kusala, mbiri ya Mtumiki, kuopa tsiku la chiweruzo. Pamwamba pa izo a Yan Taru ankasamalira odwala, kuthandiza pa uchembere, kusambitsa maliro a akazi ndi kuyanjanitsa okangana, zija zomwe kale mayi akadathamangira nazo ku bori.

Mwa ndakatulo za maliro zimene Asma'u adalemba, ilipo ya Bello, khalifa wa dziko lonse, ndipo iliponso ya Hawa'u, jaji wa kumudzi amene kwa zaka zambiri ankabwera ndi gulu lake. Dzina la mayi ameneyu tikulidziwa lero chifukwa mphunzitsi wake adamulira polemba.

Asma'u adamwalira mu 1864, naikidwa pafupi ndi manda a bambo ake ku Sokoto. Mng'ono wake Maryam adapitiriza kulonga majaji, ndipo pambuyo pa Maryam adagwira ntchitoyo Ta Modi. Angerezi atalanda Sokoto mu 1903 adasintha makhoti, misonkho ndi masukulu, koma za amayi oyenda ndi zipewa zaudzu sadazilabadire, mwina sadaziwone n'komwe. Gulu lija lidangopitirira mwakachetechete.

Tsono ophunzira a m'mayunivesite adafika bwanji pa nkhaniyi? Mu 1970, pa koleji ya San Diego State ku America, padatsegulidwa gawo loyamba la maphunziro a za amayi, ndipo m'zaka zotsatira magawo otere adafalikira m'maiko ambiri, mpaka kudzatchedwa maphunziro a jenda. Pali zambiri m'maphunziro amenewa zimene Msilamu sangagwirizane nazo, ndipo sindikuziphimba. Koma adabweretsa funso limodzi labwino limene olemba mbiri adali atalinyalanyaza: pamene zonsezi zinkachitika, akazi adali kuti, ndipo ankachita chiyani? Jean Boyd, mphunzitsi wa ku Britain amene adafika ku Nigeria mu 1955 nakhala zaka zambiri ku Sokoto, adapita ndi funso limeneli kwa Waziri Junaidu, shehe wamkulu wa mumzindawo komanso mdzukulu wa mumzere wa Gidado ndi Asma'u. Mapepala a agogo ake adali m'nyumba mwake, osungidwa bwino. Waziri adamulola kuwawerenga, ndipo Boyd adayendanso m'midzi, kumene adapeza majaji adakalipo, akuimbabe ndakatulo zomwe zija. Mu 1989 adatulutsa buku la mbiri ya Asma'u lotchedwa The Caliph's Sister. Pambuyo pake adagwirizana ndi Beverly Mack wa ku America, katswiri wa ndakatulo za amayi a Chihausa, ndipo mu 1997 adasindikiza zolemba zonse za Asma'u pamodzi ndi kumasulira kwake, kenako One Woman's Jihad mu 2000.

Tiyenera kunena molunjika kuti awiriwa sadatulukire Asma'u, monga mmene Livingstone sadatulukire nyanja imene makolo athu ankawedzamo usipa. Mapepala adasungidwa ndi banja, ndakatulo zidasungidwa pakamwa pa amayi osapita kusukulu. Chimene akatswiriwo adachita ndi kutsegula khomo kuti dziko lonse lione, ndipo pa chimenecho ayenera kuthokozedwa. Popanda mabuku awo, ine ndi inu kuno ku Mangochi kapena ku Salima sitikadalimva dzinali.

Nkhaniyo itatuluka idabwereranso kwa eni ake ili ndi mphamvu zatsopano. Mu 1985 amayi a Chisilamu a ku Nigeria adakhazikitsa chitaganya cha mabungwe awo chotchedwa FOMWAN, mtsogoleri wake woyamba ali Aisha Lemu, ndipo ntchito zake zazikulu ndi masukulu, zipatala ndi kuphunzitsa amayi achikulire kuwerenga. Kumpoto kwa Nigeria masukulu ambiri a atsikana amatchedwa dzina la Nana Asma'u. Ngakhale ku Pittsburgh, ku America, amayi ena a Chisilamu adayambitsa gulu lawo la maphunziro n'kulitcha Yan Taru.

Kutchuka kwabweretsa mkangano. Ena amamutcha Asma'u feminist woyamba wa mu Africa, ngati kuti ankamenya nkhondo imene omenyera ufulu wa amayi a masiku ano akumenya. Ine ndikuona kuti akumuveka chovala chosamukwana. Sadatsutse zoti akazi apabanja azikhala m'mipanda. Adangopeza njira yoti maphunziro alumphe mpandawo. Sadafune mpando wa mlongo wake. Umboni wake wonse ankautenga m'Qur'an ndi m'Sunna, ndipo cholinga chake chidali choti mkazi adziwe Mbuye wake asanafe. Koma enanso a ife, amene tikangomva mawu akuti jenda timatseka makutu n'kunena kuti zonsezo nza Azungu, Asma'u akutivuta koposa. Mwana wa shehe wamkulu wa nthawi yake adalonga akazi kukhala aphunzitsi, nawatuma kuyenda mitunda popanda mwamuna wowatsogolera, ndipo khalifa ndi waziri, amene sadali anthu opeputsa sharia, adamusiya achite. Bambo amene amachotsa mwana wake wamkazi ku madrasa akangotha msinkhu, ponena kuti zimene wadziwazo zam'kwanira, sangabisale kumbuyo kwa mashehe a ku Sokoto.

Banja la Shehe Usman lidali la twarika ya Qadiriyya, yomweyo imene idazika mizu m'mbali mwa nyanja yathu kudzera ku Zanzibar. Ndipo mwa amene adaifalitsa kuno mudali mayi, Mtumwa binti Ali wa ku Nkhotakota, amene adalandira ijaza ku Zanzibar, nabwerera kudzalowetsa m'twarikamo akazi ndi amuna omwe. Dzina lake limapezeka m'mabuku a akatswiri a mbiri ya Chisilamu cha kuno, kawirikawiri m'mizere iwiri kapena itatu, monga mmene la Asma'u linkapezekera m'mabuku ambiri a mbiri ya Sokoto Jean Boyd asanagogode pakhomo pa Waziri Junaidu.