Bishopu Mackenzie wa ku Magomero

Pafupi ndi Ciromo, pamene mtsinje wa Ruo uthira m'Shire, pali manda a munthu amene sanathe caka cathunthu m'dziko lino, koma mbiri yace ikumbukikabe. Dzina lace ndiye Charles Frederick Mackenzie.

Iye anabadwa m'caka ca 1825 ku Scotland. Anaphunzira pa sukulu yaikuru ya Cambridge, kumene anamveka ndi nzeru za masamu. M'caka ca 1855 anasiya nchito yace ya ulemu, nanka ku Natal kukathandiza Bishopu Colenso.

M'caka ca 1857 Dr. David Livingstone analankhula ku Cambridge, napempha ophunzira kuti adze ku Africa kudzaphunzitsa Mau a Mulungu ndi kuletsa malonda a akapolo. Mau acewo anabala Misyoni ya U.M.C.A., ndipo akuru anasankha Mackenzie akhale mtsogoleri. Anamdzoza ubishopu ku Cape Town pa 1 January, 1861.

Bishopu ndi anzace anakwera Zambezi ndi Shire pa sitima ya Livingstone, dzina lace Pioneer, nafika kwa Cibisa mwezi wa July. Kucokera kumeneko anakwera kumapiri pansi. Pa mudzi wa Mbame anakomana ndi ulendo wa akapolo 84, amuna ali m'magoli, akazi ndi ana ali pa zingwe. Livingstone ndi anyamata ace anawamasula, nawapereka m'manja mwa Bishopu. Anthu amenewa ndiwo anakhala maziko a mudzi wa Misyoni ku Magomero, m'dziko la mfumu Cigunda.

Masiku amenewo Ayao anali kulowa m'dziko la Amang'anja, ndipo midzi inali kupsa. Mafumu a Amang'anja anadza kwa Bishopu kudzapempha thandizo la mfuti. Apa panali mlandu wobvuta. Akakana, anthu amene anamlandira adzagwidwa ukapolo iye ali kupenya. Akabvomera, munthu wa Mulungu adzakhetsa mwazi. Bishopu anabvomera, atayamba wawalonjezetsa mafumuwo kuti iwo sadzagulitsanso munthu. Anatsogolera nkhondo mu August ndi mu October, natentha misasa ya Ayao. Koma pambuyo pace Azunguwo anazindikira kuti Ayao ambiri anali othawa nkhondo ndi njala kwao, ndi kuti Amang'anja ena naonso anali kugulitsa anzao. Mbiri ya nkhondozi itamveka ku England, Akristu ambiri anamtsutsa Bishopu kolimba.

Mu January 1862, mvula iri pakati, Bishopu ananyamuka ndi mbusa Henry Burrup kukakomana ndi Livingstone pa mathiriro a Ruo, pakuti mlongo wace wa Bishopu ndi mkazi wa Burrup anali m'njira kudza. Usiku wina bwato lao linagubuduka, ndipo mankhwala onse a malungo anatayika. Pofika pa cisumbu ca Malo anapeza Livingstone atapita kale kumunsi. Anakhala pomwepo kulindira, malungo nawagwira onse awiri. Bishopu anamwalira pa 31 January, 1862, ali ndi zaka 36. Burrup, ali wodwala, anamuika dzuwa litalowa mothandizidwa ndi Amakololo. Anamnyamula kubwerera ku Magomero, ndipo iyenso anafa mu February.

Otsalawo anasamukira kwa Cibisa, kumene njala yaikuru inawapeza. Bishopu Tozer, amene analowa m'malo, anacotsa Misyoni nanka nayo ku Zanzibar m'caka ca 1864. Anthu anayesa kuti nchito yafa. Koma m'caka ca 1885 Misyoni yomweyo inakhazikika pa cisumbu ca Likoma, ndipo kucokera kumeneko masukulu ndi nyumba za mapemphero zinafalikira m'mbali mwa nyanja.

Akuru a mbiri atsutsanabe ngati Mackenzie anacita bwino kugwira mfuti. Koma palibe wokana kuti anadyetsa ndi kusunga ana amasiye amene anacotsedwa pa zingwe kwa Mbame, ndi kuti ena a iwo anakula ali mfulu.