Masipuling'i otsitsa galimoto: zimene mwini galimoto wa ku Chiuta ayenera kudziwa asanagule

M'misewu ya ku Nampula, Cuamba ndi Lichinga mumaoneka magalimoto aang'ono ochokera ku Japan, monga Toyota Mark X, Runx, Vitz ndi Ractis, amene eni ake anawatsitsa mpaka matayala kulowa m'kati mwa bodi. Achinyamata ena a m'boma la Mecanhelas nawonso amasirira zimenezi. Chimene chimatsitsa galimoto motero ndi masipuling'i aafupi, amene ogulitsa sipeya amawatchula kuti molas de rebaixamento. Masipuling'iwa anapangidwira msewu wa phula. Kwa munthu amene galimoto yake imafika kumadoko a nyanja ya Chiuta, sentimita iliyonse yotayika pansi pa galimoto ili ndi mtengo wake.

Ntchito ya sipuling'i

Sipuling'i ndi imene imanyamula kulemera kwa galimoto ndi kulandira nkhonya za msewu. Shoko, imene amakaniko ambiri kuno amati amortecedor, ntchito yake ndi kuletsa sipuling'iyo kuti isamangodumphadumpha. Ziwirizi fakitale inazipanga kuti zizigwirizana kutalika ndi mphamvu.

Sipuling'i yotsitsa ndi yaifupi komanso yolimba kuposa ya kufakitale. Yambiri imatsitsa galimoto ndi masentimita 2,5 mpaka 4, ndipo ina imafika 5. Paphula losalala galimoto yotere sipendekera kwambiri pokhota. Koma chifukwa mpata woti tayala likwere ndi kutsika wachepa, dzenje lililonse limamveka mpaka m'msana mwa okwera, ndipo shoko imagunda kumapeto kawirikawiri.

Masentimita amene amatayika

Magalimoto aang'ono ambiri a ku Japan amachoka kufakitale ali ndi mpata wa masentimita 14 mpaka 16 kuchokera pansi. Mapikapu monga Toyota Hilux amapitirira 20. Galimoto ya masentimita 15 ikatsitsidwa ndi 4, imatsala ndi 11, ndipo apa ndiye kuti ilibe munthu m'kati. Mukalowa anthu asanu, kumbuyo n'kuikako matumba awiri a mpunga a makilogalamu 50 lililonse, imatsikanso.

Nyanja ya Chiuta ndi yosaya ndipo yazunguliridwa ndi madambo. Misewu yopita kumidzi ndi kumadoko a asodzi ndi ya dothi, kwina mchenga, kwina makande. M'dzinja, kuyambira Disembala mpaka Malichi, malole ndi mathirakitala amakumba mizere iwiri yakuya m'matope, pakati n'kusiya chitunda. Matope akauma, chitundacho chimalimba ngati njerwa. Galimoto yotsika imakhala pa chitundapo ndi mimba, matayala n'kumangozungulira.

Zimene zimayamba kugunda ndi bampala ya kutsogolo, paipi ya ekizozi, ndi sampu, chibekete cha oilo cha pansi pa injini chimene pa Chipwitikizi amati cárter. Sampu ikabooka oilo amatha m'mphindi zochepa, ndipo dalaivala akapitiriza ulendo injini imafa. Kukonza injini yotero kumadya ndalama zambiri kuposa mtengo wa masipuling'i onse anayi, osawerengera zokokera galimoto kuchoka kunyanja kupita ku Insaca kapena ku Cuamba.

Zoyang'ana posankha

Munthu amene galimoto yake imakhala paphula la N13 nthawi zambiri, ndipo watsimikiza mtima kuitsitsa, ayambe ndi tepi yoyezera. Galimoto iime pamalo athyathyathya, ayeze kuchokera pansi kufika pa chitsulo chotsikitsitsa, ili yopanda kanthu komanso itanyamula zimene imanyamula masiku onse. Nambala yachiwiriyo ndiyo yofunika. Akachotserapo masentimita amene sipuling'i itsitse, adziwa chimene chimutsalire. Kwa galimoto yoti nthawi zina izilowa msewu wa dothi, kupitirira masentimita 2,5 kapena 3 n'kudziputira mavuto.

Chachiwiri ndi nambala ya chasisi, osati dzina la galimoto lokha. Ractis ya injini ya 1.3 ndi SCP100, ya 1.5 ndi NCP100, ndipo yokoka ndi matayala onse anayi ndi NCP105. Corolla ya NZE121 ndi yosiyana ndi ya NZE124. Magalimotowa amaoneka ofanana koma salemera mofanana, choncho masipuling'i ake amasiyana. Nambalayi imapezeka mu livrete ndi pa kachitsulo ka fakitale kamene kamamatidwa pa bodi.

Chachitatu ndi mtundu wa sipuling'i. Ina mapindidwe ake ndi otalikirana mofanana kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndipo kulimba kwake sikusintha. Ina ili ndi mapindidwe othinana mbali imodzi ndi otalikirana mbali ina; imeneyi imayamba mofewa n'kumalimba ikamapanikizika. Pamsewu wa mabampu, mtundu wachiwiriwu umapweteka pang'ono.

Chachinayi ndi mashoko. Sipuling'i yaifupi imakakamiza shoko kugwira ntchito ili yopanikizika kale, ndipo shoko yakale siichedwa kuyamba kudontha oilo. Galimoto yambiri yochokera ku Japan imafika ndi mashoko amene ayenda kale zaka zambiri. Powerengera ndalama, mwini galimoto aphatikizepo mashoko anayi ogwirizana ndi masipuling'iwo, mphira zoletsa kugunda, ndi malipiro a makaniko.

Makampani odziwika pa ntchitoyi ndi monga Eibach ndi H&R a ku Germany, komanso Tein ndi RS-R a ku Japan. Sipuling'i yeniyeni imakhala ndi nambala yodindidwa pa chitsulo, ndipo ya kutsogolo imasiyana ndi ya kumbuyo. Yopakidwa penti yowala koma yopanda nambala, palibe angadziwe kuti inapangidwira galimoto iti. Agule zonse zinayi za kampani imodzi. Kusakaniza kumapangitsa galimoto kupendekera ndi kukokera mbali pogwira buleki.

Akamanga, galimoto iyenera kupita ku alinhamento. Kutsitsa kumapendeketsa matayala m'kati, ndipo popanda kuwongola, matayala amadyeka mbali ya m'kati mwini wake osaona. Magetsi a kutsogolo nawonso awongoledwe.

Njira zachidule zimene zimapha

Pofuna kupulumutsa ndalama, ena amadula sipuling'i ya kufakitale ndi chopukusira, ena amaiotcha ndi moto wa owotcherera kuti ifote. Sipuling'i yodulidwa sikhazikika bwino pampando wake, ndipo tayala likagwera m'dzenje ingathe kuchoka n'kuboola tayalalo kapena kudula paipi ya buleki. Yootchedwa imataya mphamvu ya chitsulo, imapitiriza kutsika, kenako imathyoka mosachenjeza. Pomasula sipuling'i pamafunikanso chida chake chopanikizira. Kumanga ndi waya kapena chingwe kwavulaza anthu, chifukwa sipuling'i ikapulumuka imauluka ndi mphamvu yothyola fupa.

Galimoto yobwera itatsitsidwa kale

Anthu ena amagula galimoto yotsitsidwa osadziwa. Ku Japan lamulo limalola galimoto kutsika mpaka masentimita 9, choncho zina zimakwera sitima ya pamadzi zili ndi masipuling'i aafupi. Wogula asuzumire kuseri kwa tayala. Masipuling'i a kufakitale nthawi zambiri ndi akuda. Ofiira, obiriwira kapena a buluu ndi chizindikiro choti anasinthidwa. Ayezenso kuchokera pakati pa tayala kufika m'mphepete mwa bodi, mbali zonse zinayi. Ngati mbali ya kumanja ikusiyana ndi ya kumanzere, sipuling'i ina inatopa kapena inathyoka.

Lamulo ndi inshuwalansi

Malamulo a pamsewu a Mozambique ali mu Código da Estrada, Decreto-Lei 1/2011 ya pa 23 Malichi 2011, ndipo kusintha mapangidwe a galimoto olembedwa mu livrete kumafuna chilolezo. Ofesi yoona za magalimoto ndi INATRO, ndipo ndi bwino kufunsa kumeneko ndalama zisanatuluke m'thumba. Poyeza galimoto pa inspecção amayang'ananso masipuling'i ndi mashoko. Amene ali ndi inshuwalansi adziwitse kampani yake za kusinthako, kuti pasadzakhale mkangano ngozi itachitika.

Kwa ambiri a ku Chiuta ndi Entre-Lagos, galimoto imodzi yomweyo ndi imene imanyamula mpunga, nsomba zouma, ndi mayi wodwala usiku kupita kuchipatala ku Insaca. Galimoto yotere ikayamba kukhula pansi, chofunika si sipuling'i yotsitsa ayi, koma masipuling'i atsopano a msinkhu wa kufakitale, kapena olimbirapo opangidwira katundu, pamodzi ndi chitsulo chotchinga sampu. Ndalama zake zimatuluka kamodzi, ndipo galimoto imafika padoko ngakhale mu Febuluwale.