Mbiri ya Mbuna, Nsomba za m'Matanthwe a Nyanja ya Malaŵi

Kumpoto chakum'maŵa kwa dziko la Australia, m'nyanja yaikulu ya mchere, kuli mpanda wa matanthwe wotalika makilomita 2,300 umene umatchedwa Great Barrier Reef. Omanga mpanda umenewu ndi tizilombo tating'ono totchedwa korali, timene timadziumbira zigoba zolimba za laimu. Tikafa, ana ake amamanga pamwamba pa zigoba za makolo awo, ndipo pakapita zaka zikwi zambiri pamakhala thanthwe lalikulu. M'mapanga ndi m'ming'alu ya matanthwewo muli nsomba za mitundu yoposa 1,500, akamba a m'madzi, nkhanu, ndi nkhono zazikulu zimene munthu mmodzi sangazinyamule. M'chaka cha 1770 chombo cha James Cook, cha dzina loti Endeavour, chinagunda amodzi mwa matanthwe ameneŵa, nichitsala pang'ono kumira. Boma la Australia linaika lamulo loteteza malowo mu 1975, ndipo mu 1981 bungwe la UNESCO linawalemba m'kaundula wa malo amene ali chuma cha anthu onse a pa dziko lapansi.

Dziko la Malaŵi lilibe nyanja ya mchere, ndipo korali samera m'madzi ake. Anthu a kumapiri, monga a ku Thambani m'boma la Mwanza, Nyanja ya Malaŵi amaidziŵira pa usipa ndi utaka wouma umene amalonda amabwera nawo pamsika. Koma nyanja yomwe ija yotulutsa ndiwo ili ndi matanthwe akeake pansi pa madzi, ozungulira zilumba za Thumbi, Domwe, Mumbo, Maleri, Mbenji, Likoma ndi Chizumulu, ndiponso magombe a miyala a ku Nkhata Bay. Pa matanthwe amenewo pamakhala nsomba zobiriŵira, zachikasu, zamizeremizere ndi zamaŵangamaŵanga, zokongola mosasiyana ndi za ku Australia zija. Dzina lake ndi mbuna. Palibe nyanja ina ya madzi opanda mchere pa dziko lapansi imene ili ndi mitundu yambiri ya nsomba kuposa Nyanja ya Malaŵi, ndipo mwa mitundu imeneyi mazana angapo ndi mbuna.

Mbuna ndi kansomba kakang'ono, kaŵirikaŵiri kosapitirira kutalika kwa chikhatho cha munthu. Chakudya cha mbuna zambiri ndi ndere zomera pamiyala pamodzi ndi tizilombo tokhala m'nderemo. Yaikazi ikaikira mazira imawatola ndi kuwafungatira m'kamwa kwa milungu itatu kapena kuposerapo, osadya kanthu kwenikweni, kufikira ana atakhwima. Chifukwa cha ichi ana ake satengedwa ndi mafunde kupita kutali, monga zimachitikira ndi ana a nsomba zambiri za m'nyanja ya mchere. Amakulira pa thanthwe lomwelo pamene anabadwira. Mbuna imaopa kudutsa pamchenga poyera kapena pamadzi akuya, pakuti kumeneko kulibe pobisala ndipo ncheni ndi kampango zili tcheru. Motero mbuna za pa chilumba chimodzi zimakhala zokhazokha mibadwo ndi mibadwo, nizisintha pang'onopang'ono maonekedwe ndi kadyedwe, mpaka kusanduka mtundu wina. Akatswiri a miyala anapezanso kuti zaka zoposa 100,000 zapitazo kunagwa chilala chachikulu chimene chinaphwetsa nyanjayi ndi mamita mazanamazana. Madzi atabwerera, mapiri ena anamira nasanduka zilumba ndi matanthwe atsopano, ndipo paliponse panakhazikika mbuna zakezake.

Anthu a m'mbali mwa nyanja anazidziŵa nsombazi kalekale, ndipo dzina loti mbuna linachokera kwa Atonga a ku Nkhata Bay. Komabe asodzi sankaziŵerengera kwambiri, popeza n'zazing'ono ndipo ukonde ukaponyedwa pamiyala umakodwa ndi kung'ambika. Mtima wawo unali pa chambo, mpasa, kampango ndi utaka.

Mbiri yolembedwa ya nsomba za m'nyanjayi inayamba ndi ulendo wa David Livingstone, amene anafika panyanja mu Seputembala 1859, nabweranso mu 1861 ndi bwato. Pa ulendo wachiŵiriwu ndi pamene anatcha ndomo ya kum'mwera kwa nyanja dzina loti Cape Maclear, pokumbukira bwenzi lake Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi wa ku Cape Town. Mnzake wa pa ulendo, Dr John Kirk, anasonkhanitsa nsomba zingapo nazitumiza ku London, kumene Albert Günther wa ku British Museum anazifotokoza m'chaka cha 1864. Chambo chinali m'gulu la nsomba zoyambazo. Mu 1875 amishoni a Livingstonia anamanga pa Cape Maclear pomwepo, koma malungo anawavuta kotero kuti mu 1881 anasamukira ku Bandawe, nasiya manda a anzawo m'tsinde mwa phiri. Palibe mwa iwo amene akadaganiza kuti malowo adzatchuka pa dziko lonse chifukwa cha tinsomba ta pamiyala.

Mu 1925 ndi 1926 Dr Cuthbert Christy anasonkhanitsa nsomba zikwi zingapo m'nyanjayi. Mayi wina wophunzira kwambiri, Ethelwynn Trewavas, anakhala nazo pansi ku London, naŵerenga mano, mamba ndi minga ya iliyonse, ndipo mu 1935 anafalitsa mndandanda wa mitundu yoposa 170 ya banja la chambo ndi mbuna. Ntchito yake inali yaikulu, koma inali ndi polekezera. Nsomba yosungidwa m'botolo la mankhwala imafwifwa, ndipo mbuna ziŵiri zosiyana kotheratu zili zamoyo zimaoneka ngati mtundu umodzi zikafa. Boma la atsamunda nalonso linkasamala za nsomba zodya ndi zogulitsa basi. Kafukufuku wa mu 1939, amene Trewavas anachita nawo, ndiponso wa Rosemary Lowe kuyambira 1945 mpaka 1947, anali wofuna kudziŵa makamaka kuchuluka kwa chambo ndi nsomba zina zimene zingagwidwe popanda kuzitha.

Amene anatsegula maso a dziko pa za mbuna anali Geoffrey Fryer, mnyamata wa ku England amene anagwira ntchito pa malo ofufuzira za nsomba ku Nkhata Bay m'zaka za m'ma 1950. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo Fryer anadekhadi. Anaziyang'anitsitsa mbunazo zili zamoyo m'madzi oyera a pagombe la miyala, naona za m'mimba mwake, nayerekeza mano ake. Mu 1959 anafalitsa zimene anapeza: kuti pa thanthwe limodzi pamakhala mitundu yambiri pamodzi, ina yopala ndere ndi mano onga sompho, ina yopesa nderezo ndi mano onga chipeso, ina yotola tizilombo m'ming'alu ndi mano osongoka. Mtundu wina wa mphuno yolendeŵera, umene umadya utagona chafufumimba pamwala, anautcha Labeotropheus trewavasae polemekeza mayi Trewavas.

Kuyambira nthaŵi imeneyo zodabwitsa zakhala zikutulukirabe. Pali mbuna imene imakhalira kubudula mamba ndi zipsepse za nsomba zinzake. Pali ina yamizere yachikasu imene imachotsa nsabwe pa thupi la kampango m'phanga lake, koma kampangoyo akaikira mazira, iyo imasintha mtundu n'kuda bii, n'kuyamba kuba mazirawo. Chapafupi ndi matanthwe pamakhalanso kalingono, nsomba imene si mbuna, yomwe imagona chammbali pansi ngati yafa, n'kumbwandira tinsomba tobwera kudzaidya. Pamwamba pa zonsezi pali katumbu ndi nkhwazi, zimene zimadalira matanthwe omwewo.

Kutchuka kunabwera ndi mavuto ake. M'zaka za m'ma 1960 anthu a ku Ulaya ndi ku America anayamba kuŵeta mbuna m'mabokosi agalasi m'nyumba zawo, ndipo malonda otumiza nsomba zamoyo pa ndege anayambika. M'zaka zomwezo wamalonda wina anataya pa chilumba cha Thumbi cha ku Cape Maclear mbuna zimene anazitenga kumpoto kwa nyanja. Alendowo anaswana, nafalikira, ndipo akatswiri anadzapeza pambuyo pake kuti ena anakwatirana ndi mbuna za pamalopo. Phunziro loŵaŵa koposa linachokera ku Nyanja ya Victoria, kumene m'zaka za m'ma 1950 anaikamo nsomba yolusa yochokera kwina yotchedwa Nile perch. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, mitundu pafupifupi 200 ya abale a mbuna inali itasoŵa m'nyanja imeneyo.

Dziko la Malaŵi linachitapo kanthu nthaŵi isanathe. Mu Novembala 1980, pa ulamuliro wa Dr H. Kamuzu Banda, boma linakhazikitsa malo otetezedwa a Lake Malawi National Park, oyamba pa dziko lapansi okhazikitsidwa pofuna kuteteza nsomba za m'madzi opanda mchere. Kukula kwake ndi masikweya kilomita 94, kuphatikizapo mapiri a Cape Maclear, zilumba zingapo, ndi madzi ofika mamita 100 kuchokera pagombe, mmene kusodza n'koletsedwa. Gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Anthony Ribbink linamira pansi pa madzi ndi zipangizo zopumira m'malo ambiri a miyala, ndipo mu 1983 linalengeza mitundu ya mbuna pafupifupi 200, yambiri mwa iyo yopezeka pa chilumba chimodzi kapena gombe limodzi lokha. Chaka chotsatira, mu 1984, UNESCO inalemba malowo m'kaundula yemwe uja, patangopita zaka zitatu kuchokera pamene inalemba matanthwe a ku Australia. Dziko la Mozambique nalo linapatula mbali yake ya nyanjayi kukhala malo otetezedwa mu 2011.

Lamulo lokha silinathetse nkhondo. Midzi ya asodzi monga Chembe inatsala m'kati mwa malo otetezedwawo, ndipo anthu ake achuluka kwambiri. Chambo chitayamba kusoŵa, maukonde a maso aang'ono, ngakhale masikito ogaŵidwa kuti ateteze ana ku malungo, anayamba kukokolola tiana ta nsomba m'madzi osaya. Zotsatira zake zinafika m'thupi la munthu. Ku Cape Maclear kunali nsomba zambiri zodya nkhono. Zitachepa, nkhono zofalitsa likodzo zinachuluka m'madzi osambamo. Katswiri wa ku America Jay Stauffer ndi anzake, amene anaŵerenga nsomba ndi nkhono kumeneko kwa zaka zambiri, anaonetsa kuti kuchepa kwa nsombazo ndi kukula kwa matendawo zinayendera pamodzi.

Mdani wina, wosaoneka msanga, ndi matope. Ku Australia korali amayera ndi kufa madzi akatentha kwambiri, monga zinachitikira mu 1998, 2016, 2017 ndi 2024. Amafanso akakwiririka ndi dothi la m'mitsinje. Madzi a mvula yogwa m'mapiri a Thambani sapita ku Nyanja ya Malaŵi. Amatsikira kum'mwera nakathera mu Zambezi, ndipo pamene mtsinje umenewo umathira matope ake m'nyanja ya Indian palibe matanthwe a korali. Amapezeka kutali, ku zilumba za Bazaruto ndi Quirimbas, kumene madzi ali oyera. Chimene Zambezi amachita kunyanja ya mchere, mitsinje ya Linthipe, Bua ndi Dwangwa imachita ku Nyanja ya Malaŵi pamene nkhalango za kumtunda zadulidwa. M'nyengo ya dzinja madzi ofiira a Linthipe amafika mpaka ku zilumba za Maleri. Matope amakuta ndere, mbuna n'kusoŵa chakudya. Komanso mbuna yaikazi imazindikira mwamuna wa mtundu wake poona maŵanga ake, ndipo ku Nyanja ya Victoria kunapezeka kuti madzi akada, mitundu yoyandikana imasokonezeka n'kusanduka umodzi. Mlimi wolima m'mbali mwenimweni mwa mtsinje ku Dedza, kapena wootcha makala ku Dowa, angathe kupha nsomba imene sanaionepo.

Chitsanzo cha chimene chingatheke chili pa chilumba cha Mbenji m'boma la Salima. Kuyambira zaka za m'ma 1950, mafumu a kwa Makanjira akhala akutseka chilumbacho m'miyezi ya mvula chaka ndi chaka, kuyambira Disembala, kuti nsomba ziswane. Pa nthaŵi yosodza salola moŵa, juga kapena zida zoononga, ndipo wolakwa amaŵeruzidwa ndi kuchotsedwa pachilumbapo. Dongosolo limeneli linayamba boma lisanakhazikitse malo otetezedwa a ku Cape Maclear, ndipo asodzi a m'maboma akutali amapitabe ku Mbenji kukafuna utaka. Pa matanthwe a chilumbacho pali mbuna imene akatswiri anaitcha dzina la Mbenji lomwelo, pakuti kwawo ndi komweko basi.

Apa ndi pamene pagona kusiyana kwa matanthwe a Malaŵi ndi a m'nyanja ya mchere. Nsomba zambiri za ku Great Barrier Reef zimapezekanso ku Indonesia ndi ku zilumba zina za Pacific, kotero kuti zikatha pa malo amodzi, mafunde angathe kubweretsa mbewu kuchokera kwina. Mbuna ya pa Mbenji, pa Maleri kapena pa Mumbo ilibe kwina kochokera. Madzi akatayika saoleka. Ndi chifukwa chake kusunga nsomba zimenezi kuli m'manja mwa msodzi wosankha maso a ukonde wake, mwa mfumu yosunga mwambo wa gombe lake, mwa mlimi wosiya mitengo m'mbali mwa mtsinje, ndiponso mwa mayi wa pamsika amene angakane kugula tiana ta chambo ngakhale mtengo wake utatsika chotani.