Chipembedzo cholembedwa pa chiphaso

Dziko lomwe nkhani ya filimu ya Incendies imachitikira silitchulidwa dzina, koma likufanana kwambiri ndi Lebanon, kwawo kwa Wajdi Mouawad yemwe analemba sewero lomwe Denis Villeneuve analisandutsa filimu mu 2010. Kuti nkhondo yakeyo imveke, pafunika kudziwa kaye zomwe anthu akumeneko amatanthauza akati chipembedzo. Munthu amabadwa nacho ngati mfunda, kaya amapemphera kaya ayi. Boma limavomereza magulu achipembedzo 18, ndipo pangano la 1943 linagawa mipando motere: pulezidenti akhale Mkhristu wa Chimaroni, nduna yaikulu Msilamu wa Chisuni, sipikala Msilamu wa Chishiya. Ukwati ndi chisudzulo zimakambidwa m'makhoti achipembedzo.

Gulu la munthu linkalembedwa pa chiphaso chake. Nkhondo yapachiweniweni itabuka mu 1975, mzere umodziwo unkatha kumuphetsa pa rodibuloko. A ku Lebanon amatchula zimenezi kuti kupha motengera chiphaso.

Villeneuve akuonetsa nkhanza imeneyi pa basi. Nawal Marwan, Mkhristu, akufunafuna mwana wake kumwera kwa dzikolo. Wabisa kamtanda ka m'khosi, wafunda mpango, wakwera basi ya Asilamu. Panjira akuwaimitsa anyamata amfuti, ena atamata chithunzi cha Maria pa mfuti zawo. Awombera basiyo, aithira petulo. Nawal atulutsa kamtanda kaja nkukuwa kuti ndi Mkhristu, basi amusiya. Anyamula kamtsikana ka mayi wina kuti akanamizire kuti nkake, koma mwanayo apulumuka m'manja mwake kuthamangira amake, ndipo amuwombera. Palibe yemwe wafunsidwa zomwe amakhulupirira.

Anyamata amfutiwo si asilikali a boma. Ndi gulu lankhondo la chipani, lomvera mtsogoleri wake yekha, lomwe mfundo yake yaikulu ndi kubwezera: mwawotcha mudzi wathu, tiwotcha wanu. Palinso othawa kwawo, omwe m'mbiri yeniyeni ndi a ku Palestine okhala m'makampu kuyambira 1948. Wahab, chibwenzi cha Nawal, ndi mmodzi wa iwo, ndipo alongo ake a Nawal amupha ati poteteza ulemu wa banja.

Kwa ine, mwana wobadwa m'chibwenzi chimenechi ndiye amasokoneza kugawana konseku. Agogo ake a Nawal amutema timadontho titatu pachidendene asanamupereke kunyumba ya ana amasiye. Gulu la Asilamu limutenga nkumuphunzitsa kuwombera atabisala. Akhristu atamugwira, amusandutsa wozunza akaidi kundende ya Kfar Ryat, ali ndi dzina latsopano, Abou Tarek. Nanga pa chiphaso chake mulembapo chiyani?

Nkhondo ya ku Lebanon inatha mu 1990, ndipo mu 1991 nyumba ya malamulo inakhululukira milandu yambiri ya nthawiyo. Atsogoleri ena a magulu ankhondo anakhala nduna. Mabanja a anthu omwe anasowa pankhondoyo anangotsala ndi zithunzi. Nawal wa m'filimu akukana kuti zithere choncho. M'wilo yake ku Montreal akuletsa kuika mwala wa dzina pamanda pake kufikira mapasa ake, Jeanne ndi Simon, atapereka makalata awiri: ina kwa bambo awo, ina kwa mchimwene wawo. Makalata onse awiriwo akufikira m'manja mwa munthu mmodzi, Abou Tarek, yemwe anagwirira Nawal ali mkaidi kundende ija osadziwa kuti ndi amake.