Njovu za ku Liwonde zinakwera lole

Anzanga, paki ya Liwonde inakhazikitsidwa mu 1973, koma njovu palibe anaziuza za malire. Zinkalowa m'minda ya ku Machinga ndi Balaka ngati kwa amalume awo, mlimi n'kukolola mapesi okhaokha. African Parks itayamba kuyang'anira pakiyi mu 2015 inamanga mpanda wamagetsi, njovu n'kuchulukana m'katimo. Mu 2022 zokwana 263 anazibaya mankhwala ogonetsa, kuzinyamula chadodolido, n'kuzikweza malole ulendo wa ku Kasungu. Ulere, popanda kondakitala wofunsa ndalama! Ife tinaseka nazo zithunzizo. Koma alimi a ku Kasungu ndi kum'mawa kwa Zambia sanaseke: minda inadyedwa, anthu ena n'kuphedwa. Njovu inasamuka, njala yake inakwera nawo lole yomweyo.